Mzinda Umene Udalimbana ndi Utsi

Munthu angathe kukhala masiku angapo osadya, ndipo angathe kupirira ludzu tsiku lathunthu. Koma kupuma kokha sikudikira. Munthu wamkulu amapuma pafupifupi ka 20,000 pa tsiku, ndipo mwana amaposa apo chifukwa iye amapuma mofulumira. Madzi a pachitsime akada timawasiya nkukatunga kwina. Nsima ikagwera mchenga timaikankhira pambali. Nanga mpweya ukada, tingakatunge kuti wina?

Funso limeneli lidasautsa anthu a mumzinda wa Los Angeles kwa zaka zambiri. M'nkhani ino timva za mmene iwo adakhazikitsira bungwe loyang'anira mpweya, ndi mmene bungwelo limagwirira ntchito yake.

Mzinda wa m'chigwa

Los Angeles ndi mzinda waukulu wa m'chigawo cha California, m'dziko la United States of America. Kumadzulo ndi kumwera kwake kuli nyanja yamchere ya Pacific. Kumpoto ndi kum'maŵa kuli mapiri ataliatali. Limodzi mwa mapiriwo, lotchedwa San Antonio, ndi lotalika mamita oposa 3,000, monga nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje. Motero mzindawo pamodzi ndi midzi yoyandikana nawo uli ngati ndiwo zimene zili pansi pa mbale.

Mbale imeneyi ili ndi chivundikiro chake, ngakhale kuti sichioneka ndi maso. Kuti mumvetse zimenezi, kumbukirani zimene mumaona m'maŵa m'mwezi wa Juni. Amayi akakoleza moto, utsi sukwera kumwamba monga umachitira masana. Umangoyalana chopingasa pamwamba pa dambo ngati nsalu yoyanikidwa. Chifukwa chake nchakuti usiku mpweya wapansi umazizira, pamene mpweya wapamwamba pake uli wofundirapo. Mpweya wozizira ndi wolemera, tsono sungathe kuboola mpweya wofunda uja. Umangokhala pansi pomwepo pamodzi ndi utsi wake wonse.

Kwathu kuno dzuŵa likakwera, nsalu ya utsi ija imabalalika. Ku Los Angeles sizitero kaŵirikaŵiri. Kamphepo kozizira kochokera kunyanja kamaloŵa pansi pa mpweya wofunda, ndipo kamakankhira utsi kumtunda mpaka ukagunda mapiri. Pamwamba chivundikiro, m'mbali mapiri. Utsi ungathe kukhala m'menemo masiku angapo, tsiku lililonse nkumaonjezekera.

Zimenezi sizidayambe dzulo. M'chaka cha 1542, mkulu wina wa zombo za ku Spain, dzina lake Juan Rodríguez Cabrillo, adafika pagombe la dera limeneli. Iye adaona utsi wa moto wa eni dziko utayalana pamwamba pa chigwa, ndipo malowo adawatcha Gombe la Utsi. Koma nthaŵi imeneyo anthu adali ochepa, ndipo utsi wake udali wa nkhuni ndi udzu basi.

Tsiku limene anthu adalira popanda maliro

Pofika zaka za m'ma 1940, chigwa chija chidali chitadzaza ndi nyumba, mafakitale ndi magalimoto. Pa 26 Julayi 1943, chifunga chachikulu chidaphimba pakati pa mzinda. Munthu sankatha kuona nyumba zimene zidali patsogolo pake pang'ono. Maso ankaŵaŵa ngati mwaloŵa tsabola, misozi inkangotsika, ndipo pakhosi pankayabwa. Popeza iyo idali nthaŵi ya Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse, ena adaganiza kuti adani aponya mpweya wapoizoni.

Akuluakulu a mzinda adaloza chala fakitale ina imene inkapanga mankhwala opangira mphira. Fakitaleyo adaitseka, anthu nkupumira m'mwamba. Koma chifunga chija chidabweranso, ndipo chaka ndi chaka chinkanka chikulirakulira. Alimi adayamba kudandaula kuti masamba a ndiwo zawo akuuma ndi kusanduka otuwa. Opanga matayala nawonso adazindikira kuti mphira ikung'aluka msanga ku Los Angeles kuposa m'mizinda ina. Chifungacho ankachitchula kuti smog, dzina lophatikiza mawu aŵiri a Chingerezi otanthauza utsi ndi nkhungu.

M'mwezi wa Okutobala 1947, boma la Los Angeles lidakhazikitsa ofesi yapadera yolimbana ndi kuipa kwa mpweya. Iyo idali ofesi yoyamba ya mtundu wake m'dziko lonselo. Antchito ake adayamba ndi utsi umene unkaoneka ndi maso: wa mafakitale osungunula zitsulo, wa malo oyengera mafuta, ndi wa kudzala kumene ankatentha zinyalala. Adaletsanso alimi a malalanje kutentha matayala akale ndi mafuta otha ntchito m'minda mwawo, pakuti alimiwo ankachita zimenezi usiku wozizira pofuna kuteteza mitengo ku chisanu. Utsi wakuda udachepa ndithu. Koma maso a anthu sadaleke kuŵaŵa.

Anthu atathedwa nzeru, ena adayamba kupereka maganizo odabwitsa. Padali ena amene ankati mapiri abooledwe, ndipo m'mabowomo aikemo makina akuluakulu okupiza mphepo kuti aziuluzira utsi kuchipululu. Akatswiri ataŵerengera mphamvu ya magetsi imene ikadafunika, adaona kuti nzosatheka.

Katswiri wa chinanazi

Munthu amene adatulukira gwero la vutoli sankaphunzira za utsi konse. Dzina lake lidali Arie Haagen-Smit. Iye adabadwira ku Netherlands m'chaka cha 1900, ndipo ankaphunzitsa pasukulu yaukachenjede ya Caltech mumzinda wa Pasadena, m'tsinde mwa mapiri aja. Ntchito yake idali yofufuza zimene zimachititsa kuti zomera zizinunkhira. Pa nthaŵi imeneyo ankafufuza fungo la chinanazi.

Pofuna kugwira fungo la chipatso, iye ankadutsitsa mpweya m'mapaipi ozizira koopsa, kufikira zinthu zobisika mumpweyamo zitasanduka madontho. Tsiku lina adaganiza zochita chimodzimodzi ndi mpweya wa ku Pasadena. Adakoka mpweya wochuluka zedi kudzera m'mapaipi ake aja, ndipo pamapeto pake adapeza timadzi takuda tonunkha. Atatipima, adaona kuti timadzito tidachokera ku mafuta a petulo, koma tidali titasinthika. Kodi chidatisintha nchiyani?

Yankho lake lidali dzuŵa. Haagen-Smit adapeza kuti mumpweya wa mzindawo mudali zinthu ziŵiri zosaoneka. Choyamba chidali nthunzi ya petulo, imene inkachokera m'magalimoto, m'malo oyengera mafuta ndi m'malo omwetsera petulo. Chachiŵiri udali mpweya wotchedwa nitrogen oxide, umene umapangika paliponse pamene moto ukuyaka motentha kwambiri, monga m'kati mwa injini. Ufa ndi madzi sizisanduka nsima popanda moto. Momwemonso zinthu ziŵirizi zimafuna moto, ndipo moto wake ndi kuŵala kwa dzuŵa. Dzuŵa likaziphika, pamatuluka mpweya woŵaula wotchedwa ozoni, pamodzi ndi zinthu zina zimene zimaŵaŵitsa maso.

Ozoni ndi mpweya wa nkhope ziŵiri. Kumwamba kwenikweni, kupitirira mitambo, umatiteteza ku cheza choopsa cha dzuŵa. Koma pansi pano, pamene ife timapuma, umapsereza m'mapapo, umaumitsa masamba ndipo umadya mphira. Haagen-Smit ankatenga timizere ta mphira, tonga ta legeni, nkutipinda, nkutiika pabwalo. Kenaka ankaŵerenga mphindi zimene zinkapita kuti mphirayo iyambe kung'aluka. Ikang'aluka msanga, ankadziŵa kuti tsiku limenelo ozoni wachuluka. Adafika popanga chifunga chake m'mabotolo, ndipo anthu amene adachinunkhiza adatuluka misozi monga momwe ankachitira mumsewu.

Zimene adapezazi adazifalitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Makampani a mafuta ndi a magalimoto adamtsutsa kwambiri, ndipo adalipira akatswiri ena kuti afufuze okha. Patapita zaka zoŵerengeka, ofufuza enawo adapeza zomwezo. Nkhani imeneyi idali yoŵaŵa kwa anthu wamba. Kuloza chala fakitale ya munthu wina nkosavuta. Tsopano zidaoneka kuti wopalamula wamkulu adali galimoto imene aliyense ankainyadira pakhomo pake.

Padalinso chinthu china cha pakhomo. Mabanja ambiri adali ndi ng'anjo kuseri kwa nyumba yotentheramo zinyalala, ndipo ng'anjo zotere zidalipo zoposa 300,000. Ofesi ija itafuna kuziletsa, anthu adakwiya. Ena ankati, bwanji mukulimbana ndi ife osauka, kusiya eni mafakitale? Mkanganowo udatenga zaka. Potsiriza, m'chaka cha 1957, ng'anjozo zidaletsedwa, ndipo magalimoto otola zinyalala adayamba kuyenda khomo ndi khomo. Taonani apa kuti lamulo loletsa silikadagwira ntchito pakadapanda njira ina yotayira zinyalalazo.

Mphepo sidziŵa malire

Maboma oyandikana ndi Los Angeles, amene ndi Orange, Riverside ndi San Bernardino, nawonso adatsegula maofesi awo. Koma ofesi iliyonse inkalamula m'boma lake lokha. Tsono mphepo yochokera kunyanja inkanyamula utsi wa ku Los Angeles m'maŵa, dzuŵa nkumauphika m'njira, ndipo pofika masana unkakatera ku Riverside ndi ku San Bernardino utasanduka ozoni. Anthu akumeneko ankapuma utsi umene sadaufukize okha, ndipo ofesi yawo idalibe mphamvu pa eni utsiwo. M'chaka cha 1972, meya wa mzinda wa Riverside adachita kupempha bwanamkubwa wa California kuti alengeze kuti m'deralo mwagwa tsoka.

Akuluakulu adati, mutu umodzi susenza denga. Nyumba ya malamulo ya California idapanga lamulo lakuti chigwa chonsecho chikhale ndi bungwe limodzi, ndipo m'chaka cha 1977 bungwelo lidayamba ntchito. Dzina lake ndi South Coast Air Quality Management District, ndipo likulu lake lili ku Diamond Bar. Dera limene limayang'anira ndi lalikulu pafupifupi ngati Nyanja ya Malaŵi. M'menemo mumakhala anthu okwana ngati 17 miliyoni, chiŵerengero chofanana pafupifupi ndi cha anthu onse amene adaŵerengedwa m'Malaŵi m'chaka cha 2018.

Bungweli limatsogoleredwa ndi anthu 13. Mwa iwo, 10 ndi makhansala ndi atsogoleri ena osankhidwa ndi anthu m'maboma anayi aja ndi m'mizinda yake, ndipo atatu amatumizidwa ndi akuluakulu a chigawo cha California. Pansi pawo pali akatswiri a sayansi, mainjiniya, oyendera mafakitale ndi odziŵa malamulo. Ndalama zambiri zoyendetsera bungweli zimachokera kwa eni utsi omwewo, pakuti fakitale imalipira chilolezo, ndipo yotulutsa utsi wambiri imalipiranso zambiri.

Mmene bungweli limagwirira ntchito

Sing'anga wabwino amayamba wapima wodwala asanapereke mankhwala. Bungweli nalonso limayamba ndi kupima. Lili ndi tinyumba tambiri tomwazikana m'chigwa chonse, kuyambira kugombe mpaka kumapiri. M'tinyumbamo muli makina amene amakoka mpweya usana ndi usiku, nkumatumiza zimene apeza kulikulu. Makinawo amapima ozoni, komanso amapima fumbi losalala kwambiri lochokera mu utsi. Kafumbi kamodzi kotere nkochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu mwanu. Fumbi lalikulu mphuno imaligwira, ndipo timaliyetsemula. Koma ili losalala limatsika mpaka pansi pa mapapo, lina nkuloŵa m'magazi. Limadwalitsa mtima, ndipo limasautsa kwambiri odwala mphumu.

Akatswiri akaphatikiza zopimazo ndi za nyengo, amatha kuneneratu mmene mpweya udzakhalire maŵa, monga momwe a zanyengo amanenera za mvula. Uthengawo umafalitsidwa pa wailesi, pa wailesi yakanema ndi pa intaneti, ndipo umaperekedwa ndi mitundu kuti ngakhale mwana aumve. Sukulu zina zimakweza mbendera ya mtundu wa tsikulo. Yobiriŵira itanthauza kuti mpweya uli bwino. Yachikasu itanthauza kuti uli bwino pang'ono. Ikakwera ya mtundu wa lalanje, ana odwala mphumu amachepetsa kuthamanga. Ikakwera yofiira, kapena ya mtundu wa maluŵa a jakaranda, aphunzitsi amachepetsa maseŵera olimba kapena kuwaloŵetsa m'nyumba.

Pakapita zaka zingapo, bungweli limalemba buku lalikulu la mapulani. M'bukumo amaŵerengera utsi wochokera ku gwero lililonse, ndi kuchuluka kwa utsi umene uyenera kuchotsedwa kuti mpweya ufike pa muyeso umene boma la dziko lonse lidaika. Kuchokera m'mapulaniwo mumatuluka malamulo. Koma lamulo silingogwa ngati mphezi. Asanalikhazikitse amaitanitsa msonkhano wa anthu onse. Mwini fakitale amaimirira nkunena kuti makina atsopano ndi odula, mwina achotsa antchito. Mayi amene mwana wake amagona m'chipatala chifukwa cha mphumu amaimiriranso nkunena zake. Madokotala amalankhula, ogwira ntchito m'mafakitale amalankhula. Atamva onsewo, atsogoleri 13 aja amaponya voti. Kaŵirikaŵiri mbali ina imatuluka ikunena kuti lamulo lakhwima kwambiri, pamene ina ikuti lafooka kwambiri. Paja mutu ukakula suleŵa nkhonya.

Malamulo ena amakhudza zinthu zikuluzikulu, monga malo oyengera mafuta ndi nyumba zopangira magetsi. Ena amakhudza zinthu zazing'ono zimene simungaziganizire. Pali lamulo la penti wopaka nyumba, chifukwa penti akamauma amatulutsa nthunzi yofanana ndi ya petulo. Pali lamulo la mafuta oyatsira makala ootchera nyama. Eni malo omwetsera petulo adalamulidwa kuika mphira kukamwa kwa paipi, kuti nthunzi isathaŵire kunja koma ibwerere m'thanki ya pansi. Chitini chimodzi cha penti sichingadetse mzinda. Koma anthu 17 miliyoni akamapaka nyumba zawo, nthunzi yake imaposa ya fakitale yaikulu.

Aliyense wofuna kuika makina otulutsa utsi ayenera kuyamba watenga chilolezo. Mainjiniya a bungweli amaona mapulani ake, ndipo pachilolezopo amalembapo muyeso wa utsi umene sayenera kupitirira. Pambuyo pake oyendera amafika, nthaŵi zina mosayembekezeka. Amakwera pa chumuni kukapima utsi, amaŵerenga mabuku a fakitale, ndipo amafufuza ngati mapaipi akudontha. Wophwanya lamulo amalipira chindapusa, ndipo akapitiriza angathe kulamulidwa kuimitsa makina ake. Munthu wamba naye akamva fungo loipa, kapena akaona utsi wakuda, angathe kuimba lamya ku bungweli usana kapena usiku, ndipo dandaulo lake limafufuzidwa.

M'miyezi yozizira, kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, bungweli limalengeza masiku ena oletsa kusonkha moto wa nkhuni m'nyumba. Limachita zimenezi likaona kuti chivundikiro chija chatsika ndipo fumbi losalala lichuluka. Komabe lamuloli silikhudza mabanja amene alibe njira ina yofunditsira nyumba zawo. Sikuti bungweli limangoletsa ndi kulanga ayi. Limaperekanso ndalama zothandiza sukulu kugula mabasi atsopano, ndi kuthandiza eni malole kusintha injini zakale za dizilo.

Nanga magalimoto aja?

Apa mpamene pali mfundo yovuta. Bungweli lili ndi mphamvu pa zinthu zokhazikika pamalo amodzi. Koma zinthu zoyenda zili m'manja mwa ena. Magalimoto amayang'aniridwa ndi bungwe la chigawo chonse, lotchedwa California Air Resources Board, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1967. Wapampando wake woyamba adali Haagen-Smit yemwe uja. Ndege, sitima zapamtunda ndi sitima zapamadzi, kwakukulukulu zili m'manja mwa boma la dziko lonse. Chonsecho magawo okwana ngati 8 mwa magawo 10 a nitrogen oxide wa m'chigwamo amachokera ku zinthu zoyendazi. Choncho mabungwe atatuŵa ayenera kugwirizana, ndipo nthaŵi zina amakangana ndithu.

Chimene chidathandiza kwambiri pa magalimoto ndi kachipangizo kokhala ngati kabokosi, kamene kamaikidwa pa paipi yotulutsira utsi. M'kati mwake muli timabowo tambirimbiri tonga zisa za njuchi, topakidwa zitsulo za mtengo wapatali. Utsi ukamadutsa m'menemo, zambiri zoipa zimasandulika mpweya wosaopsa. Magalimoto atsopano ambiri ku America adayamba kukhala ndi kabokosi kameneka m'chaka cha 1975. Koma kabokosiko kamaonongeka ndi mtovu, umene kale ankathira m'petulo. Motero padafunika petulo wopanda mtovu, ndipo zimenezi zidapulumutsanso ana, pakuti mtovu umaononga ubongo wa mwana. Kusintha kumeneku kudafika ndi kwathu kuno. Maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara adaleka kugulitsa petulo wa mtovu pofika kuchiyambi kwa 2006, ndipo dziko lomaliza pa dziko lonse lapansi, la Algeria, lidaleka m'chaka cha 2021.

Kodi zidathandiza?

M'chaka cha 1977, pamene bungweli linkayamba, padali masiku 121 amene ozoni adachuluka mpaka akuluakulu kulengeza chenjezo lapadera. Ndiye kuti pa masiku atatu alionse, tsiku limodzi lidali la chenjezo. M'chaka cha 1999, kwa nthaŵi yoyamba, chaka chonse chidatha popanda chenjezo lotero, ngakhale kuti anthu ndi magalimoto adali atachuluka kwambiri. Mapiri amene ankabisika miyezi yathunthu adayamba kuonekanso.

Umboni wina udachokera m'zifuwa za ana. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, madokotala a pa University of Southern California ankayendera sukulu za m'midzi yosiyanasiyana chaka ndi chaka. Mwana aliyense ankauzira mpweya mwamphamvu m'kachipangizo kopima kukula kwa mapapo. Poyamba adapeza kuti ana okulira m'midzi ya mpweya woipa mapapo awo sankakula mokwanira. M'chaka cha 2015 adalengeza nkhani ina yokondweretsa: ana amene adakula mpweya utayamba kuyera adali ndi mapapo okula bwino kuposa ana a m'midzi yomweyo amene adakula zaka za m'mbuyo. Nkhani imeneyi njofunika, chifukwa mapapo amakula pa ubwana pokha. Munthu akakula ndi mapapo opereŵera, amakhala nawo moyo wake wonse.

Komabe tisaganize kuti nkhondoyo idatha. Madokotala atazindikira kuti ngakhale ozoni wochepa amavulaza, boma lidakhwimitsa muyeso. Poŵerengera ndi muyeso watsopanowu, m'chaka cha 2020 chigwa chija chidali ndi masiku oposa 150 a mpweya wosayenera, ndipo Los Angeles amatchulidwabe pakati pa mizinda ya ozoni wochuluka kwambiri m'dzikolo. Ndiponso si anthu onse amene amapuma mpweya wofanana. Ku Vernon kudali fakitale yosungunula mabatire akale a magalimoto, pafupi ndi nyumba za anthu osauka. Fakitaleyo idatsekedwa m'chaka cha 2015, koma idali itagwira ntchito zaka zambirimbiri, ndipo mtovu udali utagwera kale m'dothi la pakhomo pa mabanja zikwizikwi. Pamenepa oyang'anira adachedwa, ndipo ntchito yokumba ndi kuchotsa dothilo idatenga zaka ndi ndalama zochuluka. Palinso utsi umene sulabadira chilolezo cha munthu. M'mwezi wa Januwale 2025, moto wolusa udatentha nyumba zikwizikwi m'mbali mwa mzindawo, ndipo chimene bungweli lidatha kuchita ndi kupima mpweya ndi kuchenjeza anthu kuti atseke mazenera.

Pagombe lija Cabrillo adalitcha la Utsi, lero pali madoko aŵiri akuluakulu, la Los Angeles ndi la Long Beach. Sitima zapamadzi zimatsitsa pamenepo katundu wochokera ku Asia, ndipo malole a dizilo amamtenga kupita naye ku nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu za ku Riverside ndi ku San Bernardino. Masiku ano sitima zambiri zikakocheza zimazimitsa injini nkulumikiza magetsi a kumtunda. Koma za malole, bungwe lija lilibe mphamvu yolamula opanga injini zake. Tsono m'chaka cha 2021 lidapeza njira ina. Lidati nyumba yosungiramo katundu siyenda, ndipo ndiyo imene imaitana malolewo. Motero lidalamula kuti nyumba zazikulu zotere chaka chilichonse zizichitapo kanthu, monga kulandira malole oyendera magetsi kapena kuika malo otchajira malolewo, apo ayi zizilipira ndalama zimene zimakagwira ntchito yoyeretsa mpweya m'midzi yoyandikana nazo.

Mawu oti muwadziŵe

chifunga, nthunzi, gwero, chilolezo, chindapusa, muyeso, mtovu, mphumu, doko, kukocheza

Mafunso

1. Fotokozani zinthu ziŵiri zimene zimachititsa kuti utsi usachoke msanga m'chigwa cha Los Angeles.
2. Kodi chidachitika nchiyani pa 26 Julayi 1943? Nanga anthu ena adaganiza chiyani?
3. Kodi Haagen-Smit ankafufuza chiyani asanayambe kufufuza chifunga?
4. Mlembi wayerekeza ozoni ndi nsima. Kodi ufa, madzi ndi moto zikuimira chiyani?
5. Chifukwa chiyani anthu a ku Riverside sankathandizidwa mokwanira ndi ofesi ya boma lawo?
6. Kodi mwambi wakuti "mutu ukakula suleŵa nkhonya" ukutanthauza chiyani m'nkhaniyi?
7. Kodi madokotala adapeza chiyani m'chaka cha 2015?

Ntchito

(a) Pangani ziganizo zanuzanu pogwiritsa ntchito mawu asanu mwa mawu ali pamwambapa.
(b) Pakani mafuta odzola pa timapepala tiŵiri toyera. Kena mukapachike m'khitchini, kena pansi pa mtengo kutali ndi moto. Pakatha masiku atatu, bwerani nato m'kalasi ndipo mulembe zimene mwaona.
(c) Gaŵanani m'magulu atatu: eni fakitale, makolo a ana odwala mphumu, ndi atsogoleri a bungwe. Chitani msonkhano wokambirana lamulo latsopano loletsa utsi wakuda.